Zala zowongoka za Thelonious Monk

Pa 15 Okutobala 1947, patangopita masiku asanu chikwanitsireni zaka 30, Thelonious Monk analowa mu situdiyo ya WOR mumzinda wa New York kukajambula nyimbo m'dzina lake kwa nthawi yoyamba. Anzake a msinkhu wake anali atatchuka kale. Dizzy Gillespie anali ndi bandi yaikulu yakeyake, dzina la Charlie Parker linali pakamwa pa aliyense wokonda jazi, pomwe Monk, amene anyamata ambiri ankapita kwawo kukafunsa za makodi, anali akukhalabe m'nyumba ya mayi ake, ntchito ikupezeka mwa apo ndi apo. Wina atapeza mwayi wochedwa chonchi akanafuna kuonetsa zonse zimene manja ake angathe. Monk anabwera ndi nyimbo imene chuni chake, kunena zoona, ndi noti imodzi.

Nyimboyo anaipatsa dzina lake lomwe, "Thelonious". Lipenga ndi masakisofoni zimatsetsereka pang'onopang'ono, kodi iliyonse kutsikirako pang'ono pa inzake, piyano itakakamira pa B-flat, kuigogoda, kuisiya, kuigogodanso. Notiyo sisuntha, koma popeza pansi pake pakusintha, imamveka mosiyana ulendo uliwonse: apa yokoma, apa yowawasa, apa yosakhazikika. Pakati pa solo yake dzanja lamanzere limayamba mwadzidzidzi kudumpha uku ndi uku m'kaimbidwe kakale ka ku Harlem kotchedwa stride, kamene achinyamata a nthawiyo ankati n'ka madala, kenako amabwerera ku noti yake ija. Mphindi zitatu, nyimbo yatha. Luso lonse la Monk lili kale m'menemo, ndipo pa zaka 24 zimene anakhala akujambula pambuyo pake sanasinthe njira. Amene anachedwa ndi makutu a anthu.

Mlandu umene ankamuimba unali woti sadziwa kuliza piyano. Ukamuyang'ana m'mafilimu amene anatsala, makamaka amene abale awiri, Michael ndi Christian Blackwood, anajambulira wailesi yakanema ya ku West Germany chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, umaona pamene mlanduwo unkachokera. Mphunzitsi aliyense wa piyano amauza mwana kuti apinde zala, nsonga zokha zizikhudza makiyi. Monk ankawongola zala zake n'kumenya nazo chathyathyathya, dzanja likuchokera m'mwamba, mphete zikuluzikulu zili kuzala, mwina n'kuikapo ndi chigongono chomwe. Phazi lamanja, m'malo mokhazikika pa pedulo, linkapalasa pansi kutsatira ng'oma. Kumutu chipewa, lero ichi mawa china. Olemba nkhani ambiri anathera pa chipewapo.

Koma tcherani khutu ku zimene zala zowongokazo zimatulutsa. Chala chopinda chimasisita kiyi, mawu n'kutuluka osalala, ofanana kuyambira oyamba mpaka omaliza. Chala chowongoka chimamenya, ndipo noti imalira mouma, yakuthwa m'mphepete. Monk ankafuna kuti noti iliyonse ikhale ndi kulemera kwakekwake. M'kodi ya manoti anayi mumamva imodzi itatulukira pamwamba pa zinzake, ndipo imeneyo ndi imene waisankha. Palinso vuto limene piyano ili nalo chipangidwire. Woimba gitala amakoka nsambo, woimba ndi pakamwa amapinda mawu, ndipo blues yonse imakhala m'kupindako, pakati pa noti ina ndi inzake. Piyano ilibe pakati: kiyi iyi ili apa, inayo ili apo. Monk ankamenya makiyi awiri oyandikana nthawi imodzi, n'kutukula chala chimodzi msangamsanga, chinacho n'kuchisiya pomwepo. Khutu limamva kukhulana kwa kamphindi, kenako noti imodzi yoyera ikutuluka m'kukhulanako ngati yapindika. Amene ankati chala chamuterereka sankadzifunsa chifukwa chimene chinkatererekera pamalo omwewo, m'njira yomweyo, usiku uliwonse.

Liwiro anali nalo, anachita kulisiya dala. Anabadwa pa 10 Okutobala 1917 ku Rocky Mount m'chigawo cha North Carolina, ndipo mu 1922 mayi ake, a Barbara, anasamukira ku New York ndi ana awo atatu, n'kukakhala kudera la anthu akuda la San Juan Hill, mumsewu wa West 63rd. Piyano anaiyamba poonerera mlongo wake Marion akuphunzitsidwa, kenako anapeza mphunzitsi wake, Simon Wolf, amene anamudutsitsa m'nyimbo za Bach, Mozart, Chopin ndi Rachmaninoff. Kutchalitchi cha Baptist ankaliza limba. M'dera lomwelo munali fungo la akatswiri a stride onga James P. Johnson, anthu amene dzanja lawo lamanzere lokha linkagwira ntchito ya besi ndi ng'oma. Anasiya sukulu ya Stuyvesant, ndipo ali ndi zaka 17 anayamba ulendo wa zaka pafupifupi ziwiri ndi mlaliki wina wamkazi wa misonkhano ya machiritso, mayiyo akulalikira, iye akuimba. Mary Lou Williams, katswiri wina wa piyano, anamumva pa ulendo umenewo ku Kansas City, ndipo pambuyo pake ankachitira umboni kuti mnyamatayo ankathamangitsa zala kuposa mmene anadzachitira atakula.

Pofika 1941 anali woimba piyano wokhazikika pa Minton's Playhouse ku Harlem, Kenny Clarke ali pa ng'oma. M'kalabu imeneyo oimba ankasonkhana pakati pa usiku ataweruka kumene amalipidwa, ndipo m'menemo ndi mmene munakulira jazi yatsopano yotchedwa bebop. Makodi ambiri a bebop anadutsira m'manja mwa Monk. Koma kaimbidweko katakula n'kusanduka liwiro lokhalokha, manoti ambirimbiri othithikana, iye analowera kwina. Bud Powell, mnyamata amene Monk ankamutenga ngati mng'ono wake, ndiye anaonetsa dziko mmene bebop imalizidwira pa piyano, ndipo oimba zikwi anatsatira Powell. Anzake ankawonjezera, Monk ankachotsa. Wamkulu mmodzi, Coleman Hawkins, ndiye anamulemba ntchito n'kulowa naye mu situdiyo mu 1944, anthu akumunena kuti wataya nthawi ndi woimba piyano wosokonekera.

Mverani zimene anajambula pa 2 Julaye 1948 ndi Milt Jackson, woimba vibraphone, chida cha timapale tachitsulo tomenyedwa ndi timitengo. "Evidence" anaimanga pa makodi a nyimbo yakale yachikondi ya "Just You, Just Me", koma anagwetsa chuni chonse n'kusiya manoti owerengeka, otalikirana, ndipo pafupifupi palibe imene imagwera pamene phazi lako likuyembekezera. Ina yafulumira theka la kugunda, ina yachedwa, pakati pake pali zii. Ukayesa kuomba m'manja motsatira umasochera usanafike pakati. Komabe besi ndi ng'oma zikuyenda mosaphonya pansi pake, ndipo ukamvetsera kachitatu umazindikira kuti Monk akudziwa bwino lomwe pamene kugunda kuli, akungokana kupondapo. Amakhala ngati katswiri wa bawo amene wawerenga kale mumtima kumene nkhomo zikathere, dzanja lili m'mwamba, oonerera ayamba kutekeseka, kenako n'kutola m'dzenje limene palibe ankaliganizira.

Tsiku lomwelo anajambula "Misterioso", blues imene chuni chake chimangoyenda: noti yapansi, yapamwamba, yapansi, yapamwamba, mosathamanga ndi mosapuma. Wophunzira piyano akhoza kuchiliza asanathe miyezi yambiri. Koma tamverani zimene Monk akuchita Jackson akamaimba solo. M'malo moyala makodi pansi pa mnzake monga mwa mwambo, amangoponya timanoti tiwiri apa, tiwiri apo, tokumbutsa chuni chija, kotero kuti nyimboyo sichoka m'khutu ngakhale wa solo atapita kutali. Limeneli linali lamulo lake kwa aliyense woimba naye: solo ichokere m'chuni, isamangothamanga pamwamba pa makodi. "Straight, No Chaser" ya mu 1951 ndi kachidutswa kamodzi ka manoti okwera, kobwerezedwabwerezedwa, koma ulendo uliwonse kakuyambira pena m'kugunda, apa kadulidwa msanga, apa katalikitsidwa. Ndi zipangizo zochepa chonchi anamanga blues imene ikulizidwabe m'makalabu a jazi padziko lonse.

Zimbale zimenezi, zimene kampani ya Blue Note inatulutsa, sizinkagulidwa. Lorraine, mkazi wa mwini kampaniyo Alfred Lion pa nthawiyo, ankazinyamula kupita nazo m'masitolo a ku Harlem, eni masitolo n'kumubweza nazo. Tsoka lenileni linagwa mu Ogasiti 1951. Apolisi anapeza mankhwala ozunguza bongo m'galimoto mmene munali Monk ndi Bud Powell. Ambiri amavomereza kuti mankhwalawo anali a Powell, koma Monk anakana kupereka mnzake. Anakhala m'ndende masiku 60, ndipo anamulanda kadi imene apolisi a ku New York ankapereka kwa aliyense wogwira ntchito m'malo ogulitsira mowa. Popanda kadiyo woimba jazi analibe poimbira m'makalabu odziwika a mzindawo. Zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi zinatha choncho. Mkazi wake Nellie ndiye ankadyetsa banja ndi ntchito zosoka ndi zina zimene ankapeza, ana awiri ali pakhomo, Monk ali pa piyano imene inkadya malo a khichini m'kanyumba kawo kakang'ono. Munthu wanjala amene akuuzidwa kuti akangofewetsa kaimbidwe kake apeza ntchito amayesedwa koopsa. Zimbale zimene anajambulira kampani ya Prestige kuyambira 1952 zimaonetsa kuti sanafewetse kanthu, ngakhale pamene anamupatsa piyano yosachunidwa bwino.

Pa 24 Disembala 1954 Prestige inamuika m'gulu la Miles Davis mu situdiyo ya Rudy Van Gelder ku Hackensack, New Jersey, imene inali chipinda chochezera m'nyumba ya makolo a Van Gelder. Davis anapempha kuti iye akamaimba solo Monk asamalize kanthu kumbuyo kwake. Za mkangano wawo zakambidwa mokokomeza. Chimene chilipo, choti aliyense adzimvere yekha, ndi solo ya Monk pa "Bags' Groove", ulendo woyamba umene anaijambula. Amayamba ndi manoti awiri basi. Amawabwereza, kuwatembenuza, kuwasuntha pang'ono, kudikira. Dzanja lamanzere lili phee nthawi yaitali. Pang'onopang'ono manoti awiri aja amabala ena, mipata imachepa, makodi owawasa amalowa, kenako amatsegulanso mpata waukulu moti umamva Percy Heath pa besi ndi Kenny Clarke pa ng'oma akuyenda okha. Palibe noti imene ungaichotse osagwetsa zobwera pambuyo pake. Kwa ine imeneyi ndi solo ya piyano yoposa zonse za m'zaka zimenezo, ndipo ndikutero ndikudziwa kuti Bud Powell ndi Art Tatum anali moyo, akujambula. Pa "The Man I Love", tsiku lomwelo, anatambasula chuni kuti chiyende theka la liwiro la anzake, kenako anangoti zii, mpaka Davis anachita kumuitana ndi lipenga. Mmene analowera, mothamanga ndi pamalo pake penipeni, zikuonetsa kuti sanasochere.

Mu 1955 Orrin Keepnews wa kampani yaing'ono ya Riverside anamuombola ku Prestige polipira ngongole ya madola 108 ndi masenti pang'ono. Keepnews anali wochenjera. Anaona kuti anthu akuopa nyimbo za Monk, choncho anayamba ndi chimbale cha nyimbo za Duke Ellington, kenako china cha nyimbo zakale zodziwika, kuti omvera akhale ndi pogwira pamene akuzolowera manja achilendowo. Chachitatu ndicho Brilliant Corners, chojambulidwa kumapeto kwa 1956. Nyimbo ya mutu wa chimbalecho ndi yankhanza kwa oimba. Chigawo chake chapakati chili ndi timagawo tisanu ndi tiwiri m'malo mwa tisanu ndi titatu timene thupi la woimba jazi linazolowera, ndipo ikafika kumapeto imayambiranso pa liwiro lowirikiza kawiri. Mu situdiyomo munali Sonny Rollins ndi Ernie Henry pa masakisofoni, Oscar Pettiford pa besi, Max Roach pa ng'oma, anthu amene sankaopa nyimbo iliyonse. Anayesa maulendo 25 pa maola anayi, osaimaliza bwino ngakhale kamodzi. Pettiford anapsa mtima moti pa ulendo wina ankangoyendetsa zala pa nsambo osaliza kanthu, a m'chipinda chojambulira n'kumafufuza ngati maikolofoni yafa. Zimene timamva lero Keepnews anachita kulumikiza kuchokera ku zidutswa za tepi. Pa "Pannonica" Monk anapeza celesta mu situdiyomo, kachida konga piyano kolira ngati timabelu, n'kukakokera pafupi kuti dzanja lamanja lilize iko, lamanzere piyano. Chimbale chimenechi ndicho chinayamba kutembenuza olemba nkhani.

Amene akufuna kumva Monk akuganiza amvere Thelonious Himself, chimbale cha mu Epulo 1957 chimene ali yekha pafupifupi monse. "I Should Care" amailiza pang'onopang'ono moti kugunda kumasowa. Kodi iliyonse amaiika, kuimvetsera mpaka itazilala, n'kusankha yotsatira. Mwina amagwira makiyi angapo, n'kutukula zala chimodzichimodzi mpaka patatsala noti imodzi ikulira yokha, noti imene inalimo kale koma sunkaimva. Poyamba zimatopetsa, sindikana, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa magawo omwewo tepi inasunga mphindi zoposa 20 za Monk akulimbana ndi "'Round Midnight", nyimbo yake yotchuka koposa, imene bandi ya Cootie Williams inajambula koyamba mu 1944. Nyimbo yakeyake, yoti wakhala nayo zaka zoposa khumi, koma akuima, kubwerera m'mbuyo, kuyesa kodi ina, kuikana. Oimba ena amaisalaza nyimbo imeneyi n'kuithira misozi. M'manja mwa mwini wake ndi youma, ndipo kuumako n'kumene kumapweteka. Atamvetsera blues ya "Functional" imene anali atangoijambula, ananena yekha kuti akumveka ngati James P. Johnson. Munthu amene ankamutcha wa zachilendo ankadziona ngati mwana wa akuluakulu a ku Harlem.

Miyezi iwiri pambuyo pake anajambula Monk's Music, n'kuika m'chipinda chimodzi Coleman Hawkins, amene anamupatsa mwayi woyamba, ndi John Coltrane, amene anali atangochotsedwa m'gulu la Miles Davis chifukwa cha mankhwala ndi mowa. Chimbalecho chimatsegulidwa ndi nyimbo ya m'tchalitchi, "Abide with Me", imene chuni chake, chodziwika ngakhale m'matchalitchi a kwathu kuno, chinapekedwa ndi Mngelezi William Henry Monk. Amaiimba a malipenga okha, mosakometsera, osakwana mphindi imodzi. M'chimbale chomwecho muli "Crepuscule with Nellie", imene anapeka mkazi wake ali m'chipatala kukachitidwa opaleshoni ya chithokomiro. Nyimbo imeneyi ilibe solo. Jazi ndi luso lopeka pomwepo, koma apa Monk analetsa: anakhala nthawi yaitali akukonza noti iliyonse, kodi iliyonse, kachidutswa kalikonse ka dzanja lamanzere, ndipo moyo wake wonse ankailiza monga anaipekera. Imayenda motsimphina, kuima, kupenda, kupitiriza, ndipo kumapeto imatsirizira pa kodi yosakhazikika. Sindikudziwa nyimbo ina ya mwamuna kwa mkazi wake imene imakana kunyengerera chonchi koma n'kukhala yachikondi ndithu.

Chaka chomwecho cha 1957 kadi ija inabwezedwa, mothandizidwa ndi bwenzi la banjalo, Pannonica de Koenigswarter, mayi wolemera wa ku banja la Rothschild amene anakumana ndi Monk ku Paris mu 1954. Kuyambira Julaye anaimba miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi pa Five Spot, kabala kakang'ono ka ku East Village, Coltrane ali pa sakisofoni, anthu akuima pamzere panja. Coltrane anafotokoza mmene ankaphunzirira: ankapita kunyumba kwa Monk m'mawa, Monk n'kuliza nyimbo kawirikawiri mpaka mnzakeyo ataigwira ndi khutu, ndipo pepala la manoti ankalitulutsa pokhapokha zitavuta. Pa siteji Monk ankati akaona kuti nyimbo yayenda, n'kunyamuka pa piyano, kuyamba kuvina mozungulira, zigongono zikugwedezeka, Coltrane n'kutsala ndi besi ndi ng'oma zokha kwa mphindi zambiri. Oonerera ankati ndi misala. Oimba naye ankadziwa kuti akavina ndiye kuti ng'oma ikugunda bwino, ndipo ankabwerera pampando panthawi yake yeniyeni. Gulu limenelo linajambula zochepa mu situdiyo chifukwa Monk ndi Coltrane anali a makampani osiyana. Mwamwayi Voice of America inajambula konsati yawo ya ku Carnegie Hall pa 29 Novembala 1957. Matepiwo anagona mu Library of Congress mpaka 2005 pamene Larry Appelbaum anawapeza, Blue Note n'kuwatulutsa chaka chomwecho. Pa piyano yabwino ya m'holo imeneyo, poyambira "Monk's Mood", zala zija zimathamanga kuchokera pamwamba mpaka pansi mosakhumudwa, ndipo mlandu wakale uja umathera pomwepo.

Umboni wina, umene ine ndimaukonda kwambiri, unabwera pa 28 Febuluwale 1959 ku Town Hall. Hall Overton, amene anakonza nyimbo za Monk kuti ziimbidwe ndi gulu la anthu khumi, anatenga solo imene Monk anapeka pomwepo mu 1952 pa "Little Rootie Tootie", nyimbo ya mwana wake wamwamuna yokhala ndi makodi olira ngati sitima, n'kuilemba noti ndi noti kuti malipenga onse aiimbire pamodzi. Solo ya woimba wamba ukaichita zimenezi imaululika kuti munali zodzazira. Ya Monk inaima ngati nyimbo imene munthu anakhala pansi n'kuilemba.

Kutchuka kunafika ali ndi zaka za m'ma 40, ndipo sikunamuteteze ku zambiri. Mu 1958 apolisi a ku Delaware anamumenya ndi zibonga, kadi ija n'kulandidwanso kwa kanthawi. Mu 1962 analowa kampani yaikulu ya Columbia, ndipo pa 28 Febuluwale 1964 nkhope yake inali pachikuto cha magazini ya Time. Za zaka za Columbia anthu amadandaula kuti nyimbo zatsopano zinachepa, kuti gulu linali lomwelo, Charlie Rouse pa sakisofoni kwa zaka zoposa khumi, ndondomeko ya masolo yomweyo. Dandaulolo lili ndi pogwira, ndipo chimbale cha Monk's Blues cha mu 1968, chimene anamuveka bandi yaikulu yaphokoso, sichinamukhale. Koma Rouse ndimamuikira kumbuyo. Analibe moto wa Coltrane kapena nthabwala za Rollins, koma mawu ake ouma, a m'mphuno pang'ono, ankalumikizana ndi piyano ya Monk moti poimba chuni umamva ngati chida chimodzi, ndipo lamulo lija la kusataya chuni analisunga kuposa onse. Monk's Dream, chimene anajambula ndi John Ore ndi Frankie Dunlop, chimavinitsa. Solo Monk chimayamba ndi "Dinah" m'kaimbidwe ka stride kosangalala, dzanja lamanzere likudumpha mosaphonya. Ndipo kubwereza nyimbo zomwezo kunali khalidwe lake chiyambire: kwa iye nyimbo inali chinthu choti uzichitembenuza zaka ndi zaka. Kutali ku Cape Town, Dollar Brand, amene anadzatchedwa Abdullah Ibrahim, anapeza m'zimbale za Monk njira yomenyera piyano ngati ng'oma popanda kutaya nyimbo za m'tchalitchi, ndipo wakhala akutchula Monk pamodzi ndi Ellington monga anthu amene anamuumba.

Matenda a m'maganizo ankamuvutitsa kwa zaka zambiri. Ankatha masiku osagona, kenako masiku osalankhula, ndipo anagonekedwa m'chipatala kangapo. Pali chizolowezi chonena ngati luso lake linkachokera m'matendawo. Zimbale zikukana. Zimene zili pa tepi ndi ntchito ya munthu wowerenga, wosankha, wodziwa kumene akupita, ndipo matenda atakula ndi pamene nyimbo zinatha.

Mu Novembala 1971, ali pa ulendo ndi gulu la Giants of Jazz, analowa mu situdiyo ku London kujambulira kampani ya Black Lion, zina ali yekha, zina ndi Al McKibbon pa besi ndi Art Blakey pa ng'oma. Amenewo ndiwo magawo ake omaliza mu situdiyo monga mtsogoleri. Manja anali akadali amphamvu. "Trinkle, Tinkle", nyimbo yopotana imene anajambula koyamba mu 1952, amailiza yekha, chuni chonse chothamangacho chili pamwamba pa dzanja lamanzere la stride. Anaonekera komaliza pagulu mu 1976, kenako anakakhala m'nyumba ya Pannonica ku Weehawken, New Jersey, Nellie akumusamalira. Anamwalira ndi sitiroko pa 17 Febuluwale 1982 ali ndi zaka 64. Mu 2006 bungwe la mphotho za Pulitzer linamulemekeza mwapadera chifukwa cha nyimbo zimene anapeka.

Nyimbozo ndi pafupifupi 70 zokha. Mwa opeka jazi onse, amene nyimbo zake zajambulidwa kwambiri kuposa za Monk ndi Duke Ellington yekha, ndipo Ellington anapeka zoposa 1,000. Inu amene muli ndi kiyibodi pakhomo kapena kutchalitchi, yambani ndi "Blue Monk" ya mu 1954, imene ali ndi Percy Heath ndi Art Blakey. Chuni chake muchigwira madzulo amodzi. Mukatero muilize pamodzi ndi chimbalecho, muone ngati manoti anu akugwera pamene ake akugwera.